Khonde la garapa patatha chaka ndi theka: matabwa alibe mlandu, masikuluwu ndi amene adya ndalama

Sabata yatha ndalipira R6 400, ndalama za ku South Africa, yokonzetsera khonde lamatabwa lomwe silinathe n'komwe zaka ziwiri. Masiku omwewo alamu anga a ku Lilongwe anatumiza uthenga kufunsa ngati nawonso aitanitse matabwa a mtengo wa garapa kuchokera kuno ku Johannesburg, popeza anaona zithunzi za khondelo lili latsopano. Zithunzi zija n'zoona, koma zinajambulidwa mvula isanagwepo. Ndiye ndilemba zonse, miyeso yake ndi ndalama zake, kuti amene akufuna kumanga deki, kapena kuti khonde lamatabwa, ya mitengo yolimba yochokera kunja adziwiretu pomwe ndalama zimathawira.

Khondelo lili kuseri kwa nyumba kuno ku Johannesburg, mamita 6 m'litali, mamita 4 m'lifupi, ndipo lakwera masentimita 45 kuchokera pansi. Lilibe denga. Pamwamba pake ndi matabwa a garapa okhuthala mamilimita 19, m'lifupi mamilimita 90, muyeso womwe ogulitsa ambiri kuno amasunga. Garapa ndi mtengo wa ku South America, makamaka ku Brazil, ndipo dzina lake la sayansi ndi Apuleia leiocarpa. Ukangofika umakhala wachikasu, ukaona dzuwa umayamba kufiira, ndipo ukausiya osaupaka kanthu umatuwa. Ndi wolemera: kiyubiki mita imodzi imapitirira makilogalamu 800, pomwe paini amangofika cha m'ma 500. Muli silika, tinthu tolimba ngati mchenga, m'kati mwake, n'chifukwa chake macheka ndi mabiti wamba amabuntha msanga.

Kawerengedwe kake n'kotere. Thabwa la mamilimita 90 ndi mpata wa mamilimita 5 zikudya mamilimita 95, ndiye m'mamita 4 mumalowa mizere 42. Mizere 42 ya mamita 6 ndi mamita 252, ndipo poganizira zodula zotayika tinagula mamita 280, mita imodzi R78. Pansi pake pali mitanda 16 ya paini wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola otchedwa CCA, ya mamilimita 38 x 114, yotalikirana masentimita 40, ndipo yakhala pa mitanda ikuluikulu itatu ya 50 x 152. Pa kathiridwe ka mankhwalawo, mitanda yonseyi ndi ya H3, yomwe ndi ya panja koma yosakhudza dothi. Nsanamira ndi za H4 chifukwa zinalowa m'konkire pansi. Thabwa lililonse limagwidwa ndi masikuluwu awiri pa mtanda uliwonse, choncho anapita pafupifupi 1 500, mabokosi asanu ndi limodzi a 250, omwe tinagula ngati a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri. Zonse pamodzi ndi kalipentala yemwe zinakwana R47 000.

Zomwe zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Mitanda ndi nsanamira sizinasunthe, ndipo anthu khumi akaimapo khonde siligwedezeka. Matalala a mu November sanasiyepo chizindikiro. Chiswe sichinafikepo. Masana a mu December mwana amayendapo wopanda nsapato, chifukwa garapa ndi wowala, satentha ngati mitengo yoderapo monga ipe kapena massaranduba. Tizibenthu tobaya kumapazi palibe. Paliponse pomwe macheka anadula tinapakapo sera tsiku lomwelo, ndiye ming'alu ya kumapeto kwa matabwa ndi ing'onoing'ono, yosapitirira masentimita atatu. Pansi pa khonde tinayala nsalu yotchinga udzu ndi miyala ya kwale, mbali zonse n'kuzisiya zotsegula kuti mphepo izidutsa, ndipo palibe thabwa lomwe lakobooka pakati. Amene amatseka m'mbali ndi njerwa kuti pazioneka bwino amasungira chinyezi pansi, pamwamba pakuuma ndi dzuwa, ndiye thabwa limapindika m'mphepete n'kumasunga madzi.

Ndisanafike pa vutolo, mumvetse kuti thabwa silikhala phee. Matabwawa atafika, kachipangizo koyezera chinyezi kankaonetsa 17 kapena 18 peresenti. Tinawasanja pamthunzi, timitengo pakati pa mizere kuti mphepo izilowa, mpaka anatsika kufika pa 13. M'miyezi yozizira ya kuno, June mpaka August, mpweya umauma kwambiri ndipo thabwa limatsika kufika cha m'ma 9. Mvula ikayamba limakweranso. Pa thabwa la mamilimita 90, peresenti imodzi ya chinyezi ndi pafupifupi kota ya milimita m'lifupi. Zikumveka zochepa, koma zikutanthauza kuti chaka chilichonse thabwa limafufuma n'kunyalanso milimita imodzi kapena iwiri, ndipo masikuluwu awiri omwe aligwira amakankhidwa uku ndi uko. Sikuluwu yabwino imapindika pang'ono n'kupirira. Yoipa imathyoka.

Khonde linatha mu April. Mvula inayamba mu October, ndipo pofika mu December mbali ya kumunda, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khonde lonse, inayamba kuonetsa mizere yakuda bii yozungulira mitu ya masikuluwu, kenako n'kumatalika motsata mitsempha ya thabwa. Kuda kotereku si nkhungu, ndipo sopo sakuchotsa. Garapa ali ndi tanini, mankhwala achilengedwe a m'mitengo, ndipo tanini akakumana ndi chitsulo pali madzi, pamatuluka utoto wakuda wopita ku buluu. Zimachitikanso mukasiya mbaula, fosholo kapena chitini cha penti pakhonde usiku wa mvula, kapena wina akamadula chitsulo ndi galainda pafupi, fumbi lake n'kugwera pa matabwa. Koma fumbi la galainda limasiya timadontho tomwazikana paliponse. Apa kuda kunkayambira pa mutu wa sikuluwu basi, ndipo mbali ya kunyumba kunalibe ngakhale dontho.

Mankhwala ake ndi oxalic acid, ufa woyera womwe amagulitsa m'mashopu a zomangira. Mumasungunula magalamu 80 mpaka 100 mu lita imodzi ya madzi ofunda, m'chidebe cha pulasitiki, mutavala magolovesi ndi magalasi. Mumanyowetsa kaye thabwa, n'kupaka ndi burashi ya pulasitiki, kudikira mphindi 15 mpaka 20 osalola kuti ziume, kenako kutsuka ndi madzi ambiri. Kuda kumachoka mukuona. Koma pa khonde limeneli kunkabwerera pakangotha milungu iwiri kapena itatu ya mvula, malo omwewo, mokulirapo. Kuda kukabwerera pomwepo ndiye kuti chitsulo chomwe chikukuyambitsa chidakali m'thabwamo, ndipo kutsuka n'kungotaya mankhwala komanso kuchotsa mafuta omwe munapaka.

Mu March mutu wa sikuluwu yoyamba unapezeka uli pambali, kumapeto kwa thabwa kutatukuka. Nyengo yozizira itafika, matabwa n'kuyamba kunyala, zinachuluka. Ukaponda thabwa linkalira, ndipo ukaika dirilo mutu wa sikuluwu unkangozungulira n'kutuluka ndi kachidutswa kotalika mamilimita 19, ndendende kukhuthala kwa thabwa. Onse ankathyokera pamalo amodzi, pomwe thabwa limakumana ndi mtanda. Pokonza, kalipentala anapeza oposa 60 atathyoka kale mwa masikuluwu 500 a mbali imeneyi, ena ambiri ataonda ndi dzimbiri pamalo omwewo.

Maginito ndi amene anathetsa nkhani. Masikuluwu a mbali ya kunyumba ankangokokedwa pang'ono kwambiri, ena osakokedwa n'komwe. A mbali ya kumunda ankamamatira nga. Chenjerani apa: stainless ya mtundu wa 304, yomwe pa bokosi amailembanso kuti A2, imatha kukokedwa pang'ono ndi maginito chifukwa cha mmene anaiumbira ku fakitale, ndiye kukoka kofooka si umboni woti yabodza. Palinso stainless ya 410 yomwe imakokedwa mwamphamvu, ndipo nayonso imatha kudetsa mitengo ya tanini. Koma awa sanali 410 n'komwe. Ukawapala ndi fayilo, kachikuto kotuwa kankachoka, m'kati n'kuoneka chitsulo wamba cholimbitsidwa, chofiira ndi dzimbiri. Mabokosi awiri mwa asanu ndi limodzi aja anali a mtundu wina: kukula kofanana, mutu wofanana, mtundu wofanana pamaso, koma pa pepala lake panalibe 304 kapena A2, panangolembedwa kuti ndi a deki ndipo sachita dzimbiri msanga. Kalipentala anayamba kukhoma kuchokera ku khoma la nyumba kupita kumunda, ndipo mabokosi awiriwo anali pansi pa anzake, ndiye anatsegulidwa komaliza.

Zomwe zimachitika m'katimo ndi zinthu zitatu zothandizana. Sikuluwu ikamalowa m'thabwa lolimba lokhala ndi silika, kachikuto kake kamapalika, makamaka pansi pa mutu. Madzi akalowa, chitsulo chovulidwacho chimakumana ndi tanini, ndiko kuda kuja. Pansi pake pali paini wa CCA, yemwe ali ndi kopa, ndipo kopa m'thabwa lonyowa amafulumizitsa dzimbiri pa chitsulo wamba. Pakati pa thabwa ndi mtanda ndi pomwe madzi amachedwa kuuma, ndiponso ndi pomwe thabwa limakankhira sikuluwu likamafufuma ndi kunyala. Chitsulo cholimbitsidwa sichipindika, ndiye chikaonda chimangoti khotyo. Stainless ya 304 ndi yofewa, imalolera kupindika, koma kufewa komweko kumachititsa kuti mutu wake upotoke n'kuduka mukaikhoma mu garapa osaboola kaye. Pa sikuluwu ya mamilimita 5 boolani thabwa ndi biti ya mamilimita 5, mukumbe pokhala mutu, ndipo bowo likhale mamilimita 15 mpaka 20 kuchokera m'mphepete. Mazinga a sikuluwu agwire mtanda, osati garapa.

Kukonza kwake n'kotopetsa kuposa kumanga. Masikuluwu omwe sanathyoke amafuna kumasulidwa pang'onopang'ono, dirilo ili pa mphamvu yochepa. Mukaika impact driver, dirilo yomasula momenya, amadukira m'katimo. Pa thabwa lomwe lili ndi othyoka, mumamasula onse abwino, kunyamula thabwalo molunjika kuti lichoke pa zitsa, kenako chitsa chilichonse kuchigwira ndi pulayala yokhoma n'kuchipotokola. Chomwe chathyokera m'kati mwa mtanda mumachikhomera pansi ndi panchi, kumata tepi ya phula pamwamba pa mtanda wonse, n'kukhoma kachidutswa ka paini wa H3 m'mbali mwa mtandawo kuti sikuluwu yatsopano ipeze pogwira. Galainda asayandikire, chifukwa fumbi lake lingadetse khonde lonse. Mabowo akale tinawatsuka ndi asidi uja, kuwakumbako pang'ono kuti chakuda cha m'kamwa mwa bowo chichoke, n'kuikamo masikuluwu a 304 a mamilimita 5 x 60, otalikirapo ndi mamilimita 10 kuposa akale kuti akagwire paini wosabooledwa. Matabwa asanu ndi anayi sanapulumuke. Ena anang'ambika kumapeto ponyamula, ena kuda kunalowa mozama moti asidi sankafikako.

Nayi R6 400 ija: masikuluwu 500 R1 150, matabwa asanu ndi anayi a mamita 3,6 R2 850 popeza mita inali itafika R88, kalipentala R1 800, asidi ndi mafuta R600. Matabwa atsopanowo akuoneka achikasu pakati pa anzake ofiira, ndipo adzafanana dzuwa likawaomba miyezi ingapo. Musawapake mtundu woderapo pofuna kuthamangitsa zimenezi, chifukwa akadzafiira okha adzada kuposa anzake.

Za mafuta ndinenepo, chifukwa ndi ndalama yomwe ogulitsa satchula. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750, ndipo dzuwa la kuno limadya chilichonse chopakidwa pa thabwa. Vanishi musayese: garapa ndi wothinana, vanishi amangokhala pamwamba, amasweka thabwa likamasuntha, madzi n'kulowa pansi pake, ndiye muyenera kupala khonde lonse ndi sandipepa. Chofunika ndi mafuta olowa m'thabwa okhala ndi kamtundu pang'ono, chifukwa kamtunduko ndi kamene kamatchinga dzuwa. Mafuta oyera opanda mtundu amateteza ku madzi koma thabwa limatuwabe. Koti yoyamba ipite mbali zonse zinayi thabwa lisanakhomedwe. Pambuyo pake, khonde la masikweya mita 24 limadya malita awiri kapena awiri ndi theka pa koti imodzi, ndipo lopanda denga limafuna kupakidwa pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mvula isanayambe ndiponso ikatha. Dontho la madzi likalowa m'thabwa msanga n'kusiya banga lakuda, nthawi yakwana. Pakani mopyapyala, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 pukutani otsala ndi nsanza, apo ayi amanata n'kumagwira fumbi. Nsanzazo muziyanike kapena kuziviika m'madzi, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Burashi ya waya ndi ubweya wachitsulo zisakhudze khonde. Maluwa a jakaranda a mu October ndi November amatseka mipata n'kusunga madzi pamwamba pa mitanda, ndiye muzichotsa ndi kapulasitiki kopyapyala.

Kwa inu alamu, yankho langa ndi ili. Mamita 280 a garapa ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 400, ndipo pa mtengo wa matabwa okha, omwe ine ndinagula R22 000 asanakwere, muonjezerepo thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata. Thabwa limodzi likadzang'ambika simudzapeza lofanana nalo pafupi. Kumeneko kuli mlombwa, womwe susuntha kwambiri ndi chinyezi, ndipo mtima wake wofiira umapirira chiswe ndi kuwola. Woyera wa kunja uja muukane, umafumbwa. Mlombwa ndi wopepukirapo ndi wofewerapo kuposa garapa, ndiye muuchekese wokhuthala mamilimita 22 mpaka 25, ndipo uume bwino musanakhome. Mbawa ndi yabwino pa khonde lokhala ndi denga, osati pamtetete. Gulani kwa amene ali ndi zikalata za ku Forestry, chifukwa mitengo imeneyi ikutha, ndipo kuyambira 2023 mlombwa ndi mbawa zili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi yotha, monga mmene mitengo ya ipe ndi cumaru yaliri kuyambira November 2024, kutanthauza kuti kuoloka nazo malire kumafuna chilolezo. Chomwe ndingakutumizireni kuchokera kuno ndi masikuluwu, omwe amakwana m'chikwama. Ku Lilongwe ngakhale kunyanja ku Mangochi 304 ndi yokwanira chifukwa madzi ake alibe mchere. 316, yomwe amalemba A4, ndi ya kufupi ndi nyanja yamchere monga Durban, Cape Town kapena Beira.

Tsopano za wogulitsa, yemwe sindimutchula. Lisiti lake linalemba mabokosi asanu ndi limodzi a stainless, onse pa ndalama imodzi. Atauzidwa za kuda, anati ndi mafuta omwe tinapaka. Atauzidwa kuti mafutawo anapakidwa khonde lonse, anati mbali ya kumunda imalandira mvula yambiri. Masikuluwu atayamba kuthyoka, anati kalipentala sankaboola. Chomwe chinamutseka pakamwa ndi thabwa limodzi, pomwe bokosi lachinayi linathera ndipo lachisanu n'kutsegulidwa: theka lake mabowo ali oyera, theka linalo akuda, mvula yake imodzi, mafuta ake amodzi, mmisiri wake mmodzi. Kalipentala anali atasunga limodzi mwa mabokosi aja kuti aziikamo mabiti, ndipo pepala lake linali likuwerengekabe. Apo ndi pomwe wogulitsa anavomera kuti a 304 anamuthera tsiku limenelo, ndipo wa kusitolo anangodzaza oda ndi ena ofanana kukula. Anati abweza R900 ya mabokosi awiriwo, osati ndalama m'manja koma yoti tikagulire katundu m'shopu mwake. Za matabwa ndi kalipentala anakana, n'kuloza mawu ang'onoang'ono a kuseri kwa lisiti onena kuti katundu wolakwika abwezedwe pasanathe masiku 7. Vuto loterolo silingaoneke m'masiku 7, makamaka pa khonde lomangidwa mu April, mvula yoyamba ikubwera mu October. Iye zimenezi akuzidziwa bwino kuposa ine, ndipo n'zimene zimandiwawa kuposa ndalamazo.

Mukandifunsa madzulo khonde litangopakidwa mafuta, banja lonse lili pamenepo, nyama ili pamoto, ndikuuzani kuti garapa ndi wofunika R47 000 yake ndipo ndingagulenso mawa. Mukanandifunsa tsiku lomwe ndinkalipira kalipentala kachiwiri pa ntchito yomwe inachitika kale, ndikanakuuzani kuti paini wa CCA wa theka la ndalamazo, kapena matailosi pa konkire, zikanandipatsa tulo. Lero ndili pakati, koma ndapendekera kwa garapa, chifukwa magawo awiri mwa atatu omwe anakhomedwa ndi masikuluwu oyenera alibe banga, alibe thabwa logwedera, ndipo akufuna mafuta okha. Khondeli tsopano ladya R53 400, ndipo chaka chilichonse lizidya malita asanu a mafuta. Amene bajeti yake singakwanitse mafutawo ndi masikuluwu enieni a stainless asayambe n'komwe ndi mtengo wotere. Matabwa ndi masikuluwu olowa m'malo ndinakagula kwina, komwe analola kulemba 304 pa lisiti ndi kutsegula bokosi lililonse pa kauntala maginito ali m'manja. R900 ija idakali m'buku la wogulitsa woyambayo, ndipo kalata yomupempha R5 500 yotsalayo, pamodzi ndi zithunzi za thabwa lija ndi bokosi lake, inapita Lolemba.